Makina abwera olakwika: ndani alipire thiransipoti?

Funso

Ndine telala, ndimasokera pa Chitakale kuno ku Mulanje. Mwezi uno ndinaona makina a ovaloko, osokera m'mphepete mwa nsalu, pa Facebook, wogulitsa ali ku Lilongwe. Pachithunzi anali atsopano, a ulusi unayi, ndipo pa WhatsApp ananditsimikizira zomwezo. Ndinatumiza K380,000 ya makina, K18,000 ya courier ndi K6,000 yomwe anati ndi yotapira, zonse pa Airtel Money. Atafika ndinakawatenga ku Boma pa kabaza. Kutsegula katoni ndinapeza makina a ulusi utatu, ogwirapo kale ntchito, angowapaka penti. Nditadandaula, poyamba anati katundu akagulidwa sabwezedwa. Pano wavomera kuti ndiwatumize, koma courier ndilipire ndekha, ndipo akawalandira adzandibwezera K380,000 yokha chifukwa "ya thiransipoti anadya ndi a courier, osati ine". Kodi zimenezi n'zoona? Komanso ndinali nditalandira oda ya mayunifolomu a sukulu, yandiphonya chifukwa cha makinawa. Nanga imeneyo?

Mayi wa pa Chitakale

Yankho

Mayi, malinga ndi momwe mwafotokozeramu, wogulitsayo akulakwitsa. Ndalama ya courier yomwe inabweretsa makinawo ayenera kukubwezerani, yotapira ija chimodzimodzi, ndipo yowabwezera ku Lilongwe si inu woyenera kulipira. Za mayunifolomu ndi nkhani ina, kumeneko mwayi wanu ndi wochepa, ndifikako.

Mawu akuti "anadya ndi a courier" amamveka anzeru ukangowamva koyamba, n'chifukwa chake ambiri amangogonja. Koma lamulo silifufuza kuti ndalama inathera m'thumba la ndani. Limafufuza amene anachititsa kuti ndalamayo ipite pachabe. A courier ntchito yawo anagwira: anapatsidwa katoni ku Lilongwe, anaifikitsa ku Mulanje, palibe chowafunsa. Amene analongedza makina olakwika m'katonimo ndi amene anachititsa kuti K18,000 yanu inyamule chinthu chomwe simunagule.

Lamulo lomwe likukuimirani kwambiri pano ndi lakale ndithu. Ndi Sale of Goods Act, lamulo la kugula ndi kugulitsa katundu lomwe dziko lino linatengera ku lamulo la ku Britain la 1893, kulibe foni za m'manja, kulibe Facebook. Komabe limakwanira bwino pa malonda a pa intaneti, chifukwa olilembawo ankaganizira munthu wogula katundu yemwe sanamuone ndi maso, wangouzidwa kuti ndi wotere. Likuti ukagula chinthu potengera momwe wogulitsa wachifotokozera, chomwe wakupatsa chiyenera kufanana ndi zomwe ananena. Mfundo imeneyi sichita kulembedwa papepala. Imakhalamo kale mu mgwirizano wanu, ngakhale munangopangana pa WhatsApp usiku muli pabedi. "Atsopano, a ulusi unayi" ndiko kufotokoza kwake. Makina a ulusi utatu opakidwa penti si amenewo, ngakhale atakhala kuti akusoka bwinobwino. Ndipo apa m'pamene nkhani yanu ikuphwekera poyerekeza ndi za anthu ena. Simukufunika kuitana mekaniki kuti atsimikize kuti makinawo ndi owonongeka, komanso wogulitsa sangathawire koti anawonongekera panjira. Makina sangachoke ku Lilongwe ali a ulusi unayi n'kudzadutsa pa Nkando atasanduka a ulusi utatu.

Wogulitsa akaphwanya mfundo imeneyi, wogula ali ndi ufulu wokana katunduyo n'kuitanitsa ndalama zake. Pamwamba pa apo angaitanitse chipepeso pa zomwe wataya mwachindunji chifukwa cha kuphwanyako. Werengerani tsono: K380,000, kuphatikiza K18,000, kuphatikiza K6,000, zikukwana K404,000. Zonsezi zinatuluka m'foni mwanu chifukwa cha malonda amodzi omwewa. Yotapira ija musaione ngati mphatso. Chizolowezi chomauza wogula kuti "muonjezere yotapira" chafala kwambiri moti tachizolowera, koma ndalama imeneyo ndi gawo la zomwe munalipira kuti mupeze makina, ndipo malonda akafa imabwerera limodzi ndi zinzake. Ya kabaza yochokera ku Boma kufika pa Chitakale nayo mwalamulo ingalowe, ngakhale mulibe risiti yake.

M'lamulo lomweli muli chiganizo china chomwe ogulitsa ambiri sachidziwa, ogula ndiye sanachimvepo n'komwe. Chikuti wogula akakana katundu ali ndi chifukwa chomveka chomukanira, sakakamizidwa kumubweza kwa wogulitsa, pokhapokha ngati anagwirizana zina. N'zokwanira kumudziwitsa wogulitsayo kuti katunduyu ndamukana. Kunena kwina, makina omwe ali m'shopu mwanuwo si anu, ndi ake. Inu mukungomusungira. Kuwachotsa pa Chitakale kupita nawo ku Lilongwe ndi udindo wake: atumize munthu adzawatenge, kapena akutumizireni ya courier musanawanyamule. Udindo wanu ndi kumuuza momveka, kuwasunga bwino, ndi kusamutsekereza akafuna kuwatenga.

Koma taonani mawu aja akuti "pokhapokha ngati anagwirizana zina". Apa m'pomwe anthu amadzimangira okha. Munthu watopa ndi kukangana, mtima uli pa K380,000, basi n'kulemba kuti "chabwino nditumiza, ndilipira ndekha". Mzere umodzi womwewo wogulitsa adzauonetsa kulikonse ngati umboni woti munavomera. Ngati simunalembe zotere, musalembe. Ngati mwaona kuti nkhaniyi siyenda pokhapokha mutayamba mwalipira courier nokha, lembani kaye uthenga womuuza kuti mukulipira pofuna kuti zinthu zifulumire, koma ndalamayo mudzaifuna pamodzi ndi zinazo. Kenako sungani pepala lomwe a courier adzakupatseni.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri pa dongosolo lomwe wakupatsanilo si K18,000 ayi, koma kuti akufuna makina afike kaye m'manja mwake ndalama zisanabwere. Munthu ameneyu wakunamizani kale kamodzi ndi chithunzi, ndipo poyamba anakaniratu kubweza. Makinawo akangochoka, mulibe chogwira: ndalama ali nazo iye, katundu ali naye iye, chatsala n'kukutsekani pa WhatsApp basi. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Njira yabwino ndi yoti abweze ndalama kaye, inu mutumize tsiku lomwelo. Akakana, ndipo akhoza kukana ponena kuti nayenso sakukudziwani, pezani m'bale kapena mnzanu wa ku Lilongwe. Makinawo muwatumize kwa iyeyo, akakumane ndi wogulitsa pamalo pooneka ndi anthu, awapereke pokhapokha inu mwamuimbira kuti uthenga wa ndalama walowa. Onani balansi yeniyeni m'foni, osangokhulupirira uthenga womwe wina wakutumizirani kapena chithunzi cha uthenga, poti zimenezo anthu amapanga okha masiku ano.

China chofulumira: makinawo musasokerenso. Lamulo limatenga kuti wogula walandira katundu akanena yekha kuti wamulandira, akachita naye zosonyeza kuti ndi wake, kapena akamusunga nthawi yaitali osanena kanthu. Kuyesa pa kansalu kotsala kuti muone ngati akugwira si vuto, ufulu woyendera katundu muli nawo. Koma mukayamba kumalizira nawo madiresi a makasitomala, kapena kuitana wokonza kuti asinthe zitsulo, ufulu wowakana utha. Chotsala chidzakhala kuitanitsa kusiyana kwa mtengo pakati pa makina omwe munalipirira ndi omwe munalandira, ndipo pamenepo ya thiransipoti kuipeza kumavuta. Ndikudziwa kuti kwa telala n'zopweteka kuona ovaloko ili pakona ntchito ili mbwee patebulo. Pirirani.

Musanawabwezere m'katoni, ajambuleni bwino masana. Jambulani kachitsulo kolembedwa dzina ndi nambala ya makinawo, kamene kamakhala kutsogolo kapena m'mbali. Jambulani timitengo toikapo ulusi kuti tiwerengeke kuti n'titatu. Yang'anani pomwe penti yatsopano yakwera pa zomangira kapena pa zilembo, ndi pomwe nsalu imadutsa, pamene chitsulo chimasalala ndi kuwala makina akagwira ntchito nthawi yaitali. Penti siibisa zimenezo. Katoni musataye, makamaka mbali yomwe a courier anamatapo pepala lawo, chifukwa pamenepo pali dzina ndi nambala ya wotumiza. Chithunzi cha pa Facebook chija chijambuleni lero lomwe pamodzi ndi mawu ake, asanachichotse. Uthenga wa Airtel Money uli ndi dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa, ndipo poti masimu kadi kuno amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, dzina limenelo ndi lofunika kuposa la pa Facebook.

Za mawu ake oyamba aja, akuti katundu akagulidwa sabwezedwa, musataye nawo nthawi. Timawaona atalembedwa pamarisiti ndi pamakoma a mashopu ku Limbe, koma wamalonda sangadzichotsere udindo pa katundu wolakwika kapena wowonongeka pongolemba chikwangwani. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la Competition and Fair Trading Commission, mwachidule CFTC, lakhala likuchenjeza amalonda kuti mchitidwe umenewu ndi wosemphana ndi lamulo. Kunamiza wogula za mtundu kapena ubwino wa katundu nakonso n'kolakwira lamulo lomwelo. Lamulo latsopano la Competition and Fair Trading Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2024 m'malo mwa la 1998, linapatsa bungweli mphamvu yolamula wamalonda kubweza ndalama kapena kusintha katundu, komanso yolipiritsa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe kampani imapeza pachaka, kapena 5 peresenti ngati ndi munthu payekha. Palinso Consumer Protection Act ya 2003, yomwe imatchula ufulu wa wogula wolandira chipepeso akachitiridwa zosayenera.

Tibwere ku mayunifolomu. Makhoti athu amatsatira mfundo yochokera pa mlandu wakale wa ku England wa 1854, wa Hadley ndi Baxendale, ndipo nkhani yake munthu wa kuno angaimve msanga chifukwa inali ya chigayo. Chitsulo chachikulu cha chigayo cha mu mzinda wa Gloucester chinathyoka, eni ake n'kuchipereka kwa onyamula katundu kuti apite nacho ku Greenwich akapangire china. Onyamulawo anachedwetsa, chigayo chinaima masiku angapo, eni chigayo n'kukasuma kuti alipidwe phindu lomwe anataya. Khoti linakana, ponena kuti onyamulawo sanauzidwe kuti popanda chitsulocho chigayo chiima. Onyamulawo akanatha kuganiza kuti eni chigayo ali ndi chitsulo china chogwiritsa ntchito podikira. Mfundo yake ndi yakuti umalipidwa zotayika zomwe aliyense angayembekezere, kapena zomwe mbali zonse ziwiri zinkadziwa popangana. Ya courier aliyense angaiyembekezere. Oda ya mayunifolomu a sukulu yakutiyakuti wogulitsa akanaidziwa bwanji? Bwererani mu mauthenga anu. Ngati munalemba musanalipire kuti "ndikuwafuna msanga, ndili ndi oda ya mayunifolomu yofunika pofika tsiku lakuti", muli ndi poyambira, ngakhale mudzafunikabe kuonetsa kuti odayo inalipodi, phindu lake linali lotani, ndiponso kuti simukanatha kubwereka ovaloko kwa telala mnzanu kuti muipulumutse. Ngati simunatchule, isiyeni. Kuiphatikiza kungochititsa kuti wogulitsa aone ngati mukufuna kumudyera, n'kuumitsa mtima pa ndalama zomwe zili zanu mosakayikitsa.

Poti ena owerenga nkhani yawo siyofanana ndendende ndi yanu, ndinene pomwe yankho limasinthira.

Pali pamene katundu wabwera monga momwe ananenera, koma wogula wasintha maganizo: nsapato yathina, mtundu wa nsalu sukusangalatsa ukauona pafupi. Apa wogulitsa sanalakwe kanthu, ndipo mukanagula mu shopu maso ndi maso sakanakakamizidwa kulandira. Koma pa malonda a pa intaneti, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limapatsa wogula masiku 7 chilandirireni katundu kuti atha kubwerera m'mbuyo popanda kupereka chifukwa komanso popanda chilango, kupatula kuti ndalama yobwezera katunduyo imakhala yake. Choncho wosintha maganizo asayembekezere kuti wogulitsa amulipirira ulendo wobwerera. Malamulo a mtundu umenewu sakhudza zinthu zosachedwa kuwonongeka kapena zopangidwa motsatira muyezo wa munthu mmodzi. Inu mayi mukasokera munthu wa ku Luchenza diresi la muyezo wake atakuodani pa WhatsApp, sangalibweze chabe chifukwa chinkhoswe chalephereka.

Povuta kwenikweni ndi pamene katundu wachoka ali bwino n'kufika ataphwanyika. Lamulo la Sale of Goods likuti wogulitsa akaloledwa kapena akauzidwa kuti atumize katundu, kumupereka kwa wonyamula kumatengedwa ngati wamupereka kwa wogula, pokhapokha pali chosonyeza kuti anapangana zina. Zikutanthauza kuti nthawi zambiri ngozi ya panjira imagwera wogula, iyeyo ndiye akalimbane ndi wonyamulayo. Komabe lamulo lomwelo likuti wogulitsa ayenera kupangana ndi wonyamula moyenerera mtundu wa katunduyo, ndipo akapanda kutero katundu n'kuwonongeka, wogula atha kukana kuti sanalandire, kapena kuitanitsa chipepeso. Taganizani za munthu wa ku Limbuli amene waoda sola panelo ku Limbe. Wogulitsa waipereka kwa kondakitala pa depoti ilibe katoni, ayiimika kumbuyo kwa minibasi pakati pa matumba a ufa ndi njinga, chitseko chamangidwa ndi chingwe. Ikafika galasi litang'aluka, wogulitsa sanganene kuti anachita mbali yake. Koma ngati wogulayo ndiye anati "mupatseni kondakitala wakuti, ndimamudziwa, courier ikudula", ndiye kuti wonyamula anasankha yekha, ndipo zotsatira zake n'zake.

N'chifukwa chake pa katundu wodula ndimalimbikitsa courier yolembetsedwa, ngakhale minibasi ya pa Midima ili yachangu ndi yotchipa. Makampani a courier amapatsidwa chilolezo ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mapositi, amapereka pepala losonyeza wotumiza, wolandira ndi katundu, ndipo pali kokadandaula. Kondakitala amangokupatsa nambala ya foni ndi nambala ya galimoto, mawa ali pa minibasi ina. Potumiza pa courier nenani mtengo weniweni wa katundu ndipo werengani zolembedwa kuseri kwa pepalalo, poti makampani ambiri amaika malire a ndalama zomwe angalipire katundu akatayika. Polandira, tsegulani katoni pomwepo mu ofesi mwawo musanasaine, wantchito wawo akuona. Inu mayi mukanatero pa Boma paja, mukanakhala ndi mboni yosakhala m'bale wanu.

Ogula kunja nawo alipo ambiri tsopano, ena kudzera mwa abale a ku Joni, ena kudzera mwa maejenti obweretsa katundu wa ku China. Malamulo a kumeneko ndi abwino powerenga. Ku Britain, malamulo a 2013 amapatsa wogula pa intaneti masiku 14 osintha maganizo, ndipo wogulitsa amabweza mtengo wa katundu pamodzi ndi ndalama yotumizira ya wamba. Ngati wogula anasankha njira yachangu yodula, amangobwezeredwa ya wambayo. Mayiko a European Union ali ndi dongosolo lomwelo kuchokera ku lamulo lawo la 2011, ndipo khoti lawo lalikulu linali litagamula kale mu 2010, pa mlandu wochokera ku Germany, kuti wogula wobweza katundu asalipiritsidwe ndalama yomubweretsera. Ku South Africa lamulo la 2002 la malonda a pa intaneti limapereka masiku 7, ndipo lamulo lawo loteteza ogula la 2008 limalola kubweza katundu wowonongeka mkati mwa miyezi 6, ndalama ndi ngozi za ulendowo zili kwa wogulitsa. Ku China, kuyambira 2014, wogula pa intaneti ali ndi masiku 7 obweza popanda chifukwa, koma yobwezera amalipira yekha.

Vuto kwa munthu wa ku Mulanje ndi adiresi. Sitolo ya ku Johannesburg kapena ya ku Guangzhou imatumiza katundu ku adiresi yomwe mwalemba, ndipo kawirikawiri imeneyo imakhala nyumba ya m'bale wanu kapena nyumba yosungira katundu ya ejenti. Kwa sitoloyo, katundu wafika tsiku lomwe wasainidwa kumeneko, ndipo masiku 7 kapena 14 aja amayambira pomwepo. Pamene katunduyo akudutsa pa Mwanza kapena akutsika ndege pa Chileka, n'kudzafika kuno, masikuwo anatha kalekale. Ndalama yomwe munapatsa ejenti kapena dalaivala wa basi, ndi msonkho womwe munalipira ku MRA, sitoloyo sizikuikhudza, chifukwa ulendo umenewo munakonza nokha. Choncho amene akulandirirani katundu kunjako ndiye atsegule, ayese, ajambule, asanamukweze. Ngati munalipira ndi kadi ya Visa kapena Mastercard, banki yanu ili ndi njira yotsutsira malipiro a katundu yemwe sanafike kapena wosafanana ndi zomwe ananena, koma nayo ili ndi malire a nthawi. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba ikangotapidwa, njira ngati imeneyo palibe.

Tibwerere kwa inu. Lekani mafoni ndi mavoisi, mulembereni uthenga umodzi wodekha, wopanda chipongwe, womwe mungadzauonetse kwa wina aliyense osachita manyazi. Mwachitsanzo: "Bambo, pa tsiku lakuti ndinalipira K404,000 pogula makina a ovaloko atsopano a ulusi unayi monga munalengezera. Ndalandira makina akale a ulusi utatu. Makinawa ndawakana, sindikuwagwiritsa ntchito, ndipo ali okonzeka kuti muwatenge kapena mutumize ndalama ya courier. Ndikupempha kuti mundibwezere K404,000 pofika tsiku lakuti. Zikapanda kutero ndikadandaula ku CFTC ndi kukhoti." Ikanipo zithunzi zija. Mupatseni sabata imodzi. Musamuopseze kuti mumuyalutsa pa Facebook. Lamulo la 2016 lija lilinso ndi milandu ya kuzunza munthu pa intaneti, ndipo simukufuna kuti nkhani ya makina isanduke nkhani ya inu.

Ogulitsa ambiri a pa Facebook uthenga wotere umawakwanira, chifukwa malonda awo amadalira dzina. Akapanda kuyankha, pitani nayo nkhaniyi ku CFTC, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe komwe wogulitsayo ali. Kudandaula kumeneko sikulira loya. Chofunika ndi kalata yofotokoza zomwe zinachitika motsatira masiku, umboni wa malipiro, zithunzi, ndi zomwe mukufuna kuti zichitike. Tchulani ya courier ndi yotapira paderapadera ndi manambala ake, chifukwa chomwe simunapemphe palibe adzakupemphereni. Bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi, lomwe ambiri amalidziwa kuti CAMA, lili ku Blantyre ndipo nalo limalandira madandaulo, ngakhale lilibe mphamvu yolamula ngati CFTC.

Khoti la majisitireti ndi njira yomaliza. Milandu ya ndalama zochepa ngati imeneyi munthu atha kudziimira yekha, ndipo kalaliki wa khoti la pa Boma angakuuzeni mafomu, ndalama zolembetsera ndi khoti loyenera kuumva. Chopinga chachikulu ndi chakuti samani imayenera kufika m'manja mwa wosumiridwa, tsono muyenera kudziwa dzina lake lenileni ndi komwe amapezeka. Lamulo la 2016 limafuna kuti wogulitsa pa intaneti adzionetse dzina ndi adiresi, koma ambiri satero, ndipo ifenso ogula sitifunsa mpaka zitavuta. Mufunseni tsopano, mukadali kulankhulana, ngati kuti mukufuna adiresi yotumizira makinawo. Kupolisi pitani ngati wazimitsa foni n'kusowa, kapena mukapeza kuti chithunzi chomwecho wanamiza nacho anthu ena, poti kumeneko ndi kupeza ndalama mwachinyengo. Ngati mukungosiyana pa ya thiransipoti, apolisi adzakuuzani kuti ndi nkhani ya kukhoti, ndipo adzakhala akunena zoona.

Pokambirana, dziwani pomwe mungagonje ndi pomwe simuyenera. Akati akutumizireni makina oyenera m'malo mwa ndalama, zili kwa inu kuvomera kapena kukana, ndipo mukavomera, maulendo onse owonjezera alipire iye, makina atsopanowo m'bale wanu wa ku Lilongwe awaone ndi maso asanakwere. Akati makina akalewo muwasunge akubwezereni ina, funsani kaye matelala anzanu kapena ogulitsa makina ku Limbe mtengo wa ovaloko yakale ya ulusi utatu, musalandire nambala yochokera m'mutu mwake. Akavomera K404,000 ndi kulipira yekha courier yobwerera koma n'kukana ya kabaza, landirani, musapite kukhoti chifukwa cha kabaza. Akaumirira pa K380,000 yokha inu mulipirenso yobwezera, ndiye kuti mukutaya K42,000 pa cholakwa chake, ndipo pamenepo kalata ya ku CFTC ilembeni.